Maluwa ofiira, nkhope yotuwa

Pali mtundu wina wa chithunzi umene ojambula a masiku ano aukonda kwambiri, moti aliyense amene wakhala akupita ku maukwati zaka zapitazi anauonapo. Mkwatibwi waima, velo yagwera m'mapewa, mkwati ali pambali pake. Zonse m'chithunzimo ndi zakuda ndi zoyera: nkhope, manja, suti, khoma la kumbuyo. Koma maluwa amene mkwatibwi wanyamula ndi ofiira psuu. Pena chimene achisiyira kala ndi tayi ya mkwati, pena milomo yopaka ya mkwatibwi, pena nsalu ya pakhosi pa gauni ya mwana amene wamaliza maphunziro. Mudzachipeza chitamatidwa pa zenera la situdiyo ku Limbe, mudzachipeza pa WhatsApp tsiku lotsatira chinkhoswe, mudzachipezanso m'fulemu pabalaza pa anthu olemekezeka.

Eni ake amachikonda, ndipo sindiwadzudzula. Chimaoneka cha ukadaulo, chimasiyana ndi zithunzi zina zonse za tsikulo, ndipo wojambula amaoneka kuti wagwirapo ntchito. Koma ine chimandisowetsa mtendere, ndipo chifukwa chake n'chimodzi. Ndikachiyang'ana n'kuchoka, m'mutu mwanga mumatsala maluwa. Nkhope ya mwana wa eni, amene makolo ake anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti tsikulo litheke, sindiikumbukira.

Vuto silili m'diso langa lokha. Diso la munthu aliyense limathamangira pamene pasiyana ndi ponse. Kadontho kofiira pakati pa zotuwa kali ngati moto wa m'munda usiku: kaya mukufuna kaya simukufuna, mumayang'ana kumeneko. Tsono amene amasankha malo oika kala m'chithunzi ndiye amene wasankha chimene anthu adzaone poyamba, ndiponso chimene adzabwerereko kachiwiri ndi kachitatu. Ndi mphamvu yaikulu imeneyi, ndipo kale inkafuna munthu wodziwa kugwira burashi. Lero ili pa chala cha aliyense amene ali ndi foni. Funso limene sitidzifunsa n'lakuti: pa chithunzi cha munthu, n'chiyani choposa munthuyo chimene chiyenera kulandira mphamvu yotere?

Ambiri amene amateteza kajambulidwe aka amatchula filimu ya Steven Spielberg ya mu 1993, Schindler's List. Filimuyo pafupifupi yonse ndi yakuda ndi yoyera. Koma pamene asilikali a Nazi akusamutsa ndi kupha Ayuda mumzinda wa Kraków, kamtsikana kena kakuoneka kakuyenda kokha pakati pa chipwirikiticho, katavala jasi lofiira. Pambuyo pake jasi lomwelo likuonekanso pa ngolo ya mitembo. Amene anaonera saiwala. Koma taonani chimene kufiirako kukuchita. Anthu ali mazanamazana, diso silingagwire aliyense, ndipo imfa ya anthu ochuluka chonchi imasanduka chiwerengero chabe. Jasilo likutola munthu mmodzi m'khamulo n'kumuika m'manja mwanu kuti mumudziwe, kuti pamene mudzamuonenso muzindikire kuti ndi yemwe uja. Kala ikutsogolera diso kwa munthu. Pa chithunzi cha ukwati palibe khamu lobisa mkwatibwi. Ali yekha ndi mwamuna wake, akuoneka kale bwinobwino. Kufiira kwa maluwa kukuchotsa diso pa iye n'kulipititsa pa chinthu chimene chinafota patangopita masiku ochepa.

Kusakaniza kala ndi chithunzi chakuda ndi choyera si kwa lero ayi. N'kwakale pafupifupi ngati kujambula komwe. Louis Daguerre atalengeza njira yake ku France mu 1839, anthu anazizwa, koma sanachedwe kudandaula kuti nkhope zikutuluka zozizira, zopanda magazi. M'zaka zochepa zotsatira, amisiri ngati Johann Baptist Isenring wa ku Switzerland anayamba kuthira ufa wa utoto pa chithunzi mosamala, pang'ono pa masaya, pang'ono pa milomo, pang'ono pa mphete. Ku Japan luso limeneli linakula koposa. Felice Beato atakhazikika ku Yokohama mu 1863, analemba ntchito akatswiri a kumeneko odziwa utoto wa madzi, ndipo iwo ankatha maola ambiri pa chithunzi chimodzi, kupaka khungu, tsitsi ndi maluwa a pa kimono mopepuka kwambiri kuti chithunzi cha pansi chisakwiririke. Mmodzi mwa iwo, Kusakabe Kimbei, anadzatsegula situdiyo yakeyake n'kutchuka.

Ife tomwe luso limeneli linatifika, kudzera ku Joni. M'makomboni a ku South Africa munkayenda anthu otolera tizithunzi ting'onoting'ono, kawirikawiri ta pa chitupa cha pasi, n'kupita nato ku masitudiyo a mu Johannesburg. Kumeneko ankatikulitsa, kupopera utoto, kuveka mwamuna suti ndi mkazi velo, n'kuika onse awiri m'fulemu imodzi yozungulira ya galasi lotukuka. Nthawi zambiri anthu awiriwo anali asanaimepo limodzi pamaso pa kamera. M'nyumba ya agogo anga munali chithunzi chotere, chimene agogo aamuna anabwera nacho m'masiku a Wenela. Suti imene avala m'chithunzimo inali ya utoto, sanakhale nayo. Koma khungu lawo linali lofiirira bwino, lamoyo, masaya a agogo aakazi ali ndi kuwala, ndipo mlendo aliyense akalowa m'nyumbamo ankayamba wayang'ana nkhope ziwirizo. Kachithunzi kamene boma la tsankho linajambula kuti lizidziwa kumene munthu wakuda akuloledwa kuyenda, wopaka utoto anakasandutsa chithunzi cha bambo wa pakhomo ndi mkazi wake.

Apa ndiye pali kusiyana kumene kumandikhudza. Wopaka utoto wakale ankayamba ndi chithunzi chopanda kala n'kuwonjezera kala pa munthu, chifukwa ankafuna kuti munthuyo aoneke wamoyo. Ife timayamba ndi chithunzi cha kala chathunthu, n'kuchotsa kala pa munthu, n'kuisiya pa katundu. Zida zakhala zabwino kuposa kale, koma dzanja likupita chobwerera.

Kwa ife a khungu lakuda, nkhani yochotsa kala pa nkhope ili ndi mbiri imene sitiyenera kuiiwala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, loti aziyesera makina awo. Makhadiwa anatchedwa Shirley, dzina la mayi woyamba kujambulidwapo. Wotsuka akaona kuti khungu la mayiyo latuluka bwino, ankati makina ali bwino. Filimu yomweyo inapangidwa moganizira khungu loyera, ndipo mwana wakuda akaima pakati pa anzake achizungu pa chithunzi cha kusukulu, nthawi zambiri ankatuluka bii, maso ndi mano okha zikuoneka. Katswiri wina wa ku Canada, Lorna Roth, atafufuza nkhaniyi anapeza kuti ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti ikonze filimu anali ogulitsa chokoleti ndi mipando ya matabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo wofiirira sakusiyanitsika pa zithunzi zotsatsa malonda. Khadi lokhala ndi amayi a khungu losiyanasiyana linadzabwera m'zaka za m'ma 1990.

Amene tinakula tikujambulitsa kwa wojambula wa pa njinga, uja wobwera Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi n'kudzabweretsa makhadi patapita sabata ziwiri, tikudziwa zimenezi popanda kuziwerenga m'buku. Malaya oyera ankatuluka mbee, nkhope n'kumira. Panatenga zaka zambiri kuti kamera iphunzire kuona kuti khungu lakuda si mtundu umodzi: kuti lilipo loderako ngati nthaka ya m'dambo, lilipo lofiirira, lilipo lowala chikasu dzuwa likamalowa, ndipo pa nkhope imodzi yomweyo mphumi ndi masaya sizifanana. Lero foni ya mtengo wapakati imatha kugwira zambiri mwa zimenezi. Ndiye zimandipweteka kuona kuti pamene tazipeza, tikuzifafaniza tokha kuti maluwa aoneke.

Wina asaganize kuti ndikudana ndi chithunzi chakuda ndi choyera. Zithunzi za anthu zimene ndimazikonda koposa zambiri ndi zoterozo. Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake ku Bamako, m'dziko la Mali, mu 1948, ndipo ankajambulira pabwalo la nyumba, ndi kuwala kwa dzuwa. Poyamba nsalu ya kumbuyo inali yoyala pabedi pake. Anali ndi wailesi, wotchi, zolembera ndi njinga yamoto zoti makasitomala azijambulitsa nazo. Amayi a ku Bamako ankabwera atavala nsalu za maluwa akuluakulu, n'kukhala kutsogolo kwa nsalu inanso ya maluwa. Zikanakhala za kala, mitundu ikanamenyana mpaka nkhope kusowa. Popeza kala palibe, maluwa a chovala ndi a kumbuyo amalukana n'kukhala ngati nsalu imodzi, ndipo malo okhawo odekha m'chithunzi chonse ndi nkhope ndi manja. Diso limapumira pamenepo. Khungu m'zithunzi za Keïta lili ndi kuwala ndi mithunzi yosawerengeka, kuchokera pa mphumi ponyezimira kufika pansi pa chibwano. Iye sanatuwitse munthu. Anachotsa kala ponseponse mofanana, ndipo munthu anapambana.

Zimenezi n'zimene chithunzi chopanda kala chimachita bwino. Chimasiya kuwala, mthunzi ndi maonekedwe a chinthu. Makwinya a nkhalamba, mitsempha ya pa dzanja la mlimi, mmene munthu wapendekera mutu pomvetsera, zonsezi zimaonekera kwambiri pamene palibe malaya a chikasu okuitanirani kumbali. Zanele Muholi wa ku South Africa anapita patali kuposa apo. M'zithunzi zake zodzijambula zimene anazitcha Somnyama Ngonyama, amadetsa khungu lake mwadala mpaka kufika pakuda kwenikweni, maso okha ali ngwee kuyang'ana amene akumuyang'ana. Chimene filimu yakale inkachita kwa anthu akuda mosawalabadira, iye akuchichita yekha, mwa kufuna kwake, ndipo palibe angachione n'kunena kuti munthuyo wasowa.

Koma tisanamizane kuti kuchotsa kala kulibe mtengo wake. Kamera ikamasandutsa mitundu kukhala yotuwa imayang'ana kuwala kokha, ndipo chofiira ndi chobiriwira zowala mofanana zimatuluka zofanana. Jambulani mbendera ya dziko lathu mopanda kala, mudzaona mzere wofiira ndi wobiriwira ikuyandikana mpaka kuvuta kusiyanitsa. Chitenje cha maluwa ofiira pa nsalu yobiriwira chimatha kutuluka ngati chopanda maluwa. Ndipo kwathu kuno mtundu wa chovala umalankhula. Wa Bullets ndi wa Wanderers mumawadziwa ndi kufiira ndi buluu asanatsegule pakamwa. Nsalu ya chipani, yunifolomu ya sukulu, chitenje chimene mbumba yonse inasoketsa pa chinkhoswe, zonsezi ndi mbali ya mbiri ya munthu. Mukazichotsa kala mwachotsa china chake chimene mdzukulu akanafuna kudziwa. Tsono kusankha pakati pa kala ndi kupanda kala si nkhani ya kukongola kokha. Ndi kusankha chimene chisungidwe ndi chimene chitayike.

Pali chikhulupiriro china pakati pa ojambula chakuti chithunzi chakuda ndi choyera ndiye cha luso lenileni, pamene cha kala ndi cha malonda ndi cha anthu wamba. Chikhulupirirochi chinali champhamvu kwambiri ku Ulaya ndi ku America, moti pamene nyumba ya Museum of Modern Art ku New York inaonetsa zithunzi za kala za William Eggleston mu 1976, olemba ndemanga ambiri anazinyoza. Ndikuganiza kuti chithunzi cha maluwa ofiira chija chimabadwa m'chikhulupiriro chomwechi. Wojambula akufuna ulemu wa chakuda ndi choyera, koma akuopa kuti kasitomala anena kuti walipira chithunzi chachikale, ndiye amasiya kala pang'ono kuti onse akhutire. Ndi kusalimba mtima posankha, ndipo amene amalipira mtengo wake ndi wojambulidwayo.

Chodabwitsa n'chakuti mkati mwa kamera mitundu iwiri ya zithunziyi si yosiyana monga tiganizira. Mu 1861 James Clerk Maxwell anaonetsa ku London chithunzi cha kala cha kansalu ka mizeremizere, ndipo chinapangidwa ndi zithunzi zitatu zakuda ndi zoyera, chimodzi chojambulidwa kudzera pa galasi lofiira, china lobiriwira, china la buluu. Sergei Prokudin-Gorsky anagwiritsa njira yonga yomweyo pojambula mlembi Leo Tolstoy mu 1908 ndi mfumu ya ku Bukhara itavala mkanjo wake wa buluu mu 1911. Ngakhale foni ili m'thumba mwanuyo imachita chimodzimodzi. Kachipangizo kolandira kuwala sikadziwa mtundu, kamangoyeza kuchuluka kwa kuwala. Pamwamba pake anayalapo timagalasi ting'onoting'ono, theka tobiriwira, totsalato tofiira ndi ta buluu mofanana, monga anakonzera Bryce Bayer wa ku Kodak m'zaka za m'ma 1970, ndipo kompyuta ya mkatimo ndiyo imawerengera mtundu wa kadontho kalikonse. Choncho palibe chithunzi chimene chimangogwa kuchokera kumwamba. Cha kala ndi chopangidwa, chopanda kala ndi chopangidwanso. Wojambula akamasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera, akatsamira ku chofiira khungu limayera n'kusalala, akatsamira ku buluu limada ndipo zipsera zonse zimatuluka. Nkhope imodzi yomweyo angathe kuipatsa zaka khumi kapena kuichotsera.

Wojambula wina wa ku New Zealand, Michael Bradley, anaonetsa zimenezi m'njira imene sindiiiwala. Amaori, eni nthaka a dzikolo, ali ndi mwambo wolemba mphini pa nkhope, zimene zimanena mtundu wa munthu ndi makolo ake. Bradley anaona kuti pa zithunzi zambiri za m'zaka za m'ma 1800 mphinizo sizioneka bwino, chifukwa mankhwala a pa galasi lojambulira la nthawi imeneyo ankamva kwambiri kuwala kwa buluu, ndipo mphini zobiriwira modera zinkatuluka zofanana ndi khungu. Tsono anajambula Amaori a lero aliyense kawiri, kamodzi ndi njira yakale ija, kamodzi ndi kamera ya makono ya kala, n'kuika zithunzi ziwirizo pambali ndi pambali. Chionetserocho anachitcha Puaki, ndipo chinatsegulidwa ku Waitangi mu 2018. Kumanzere mukuona nkhope yosalala, kumanja nkhope yomweyo yodzaza ndi mbiri ya banja. Nditaona zithunzizo ndinaganiza za agogo athu a mphini za pamasaya ndi pamphumi, ndi kuchuluka kwa zimene kamera za atsamunda zinaona kapena kulephera kuona pa iwo.

Kusakaniza kwa Bradley ndiko kumene ndimakuvomereza ndi mtima wonse. Chithunzi chilichonse chili chathunthu pachokha, munthu ali wathunthu m'zonse ziwiri, ndipo tanthauzo likubadwa pakati pawo. Spielberg yemwe anachita chimodzimodzi kumapeto kwa filimu yake: ochita sewero akuyenda m'chithunzi chakuda ndi choyera, kenako kala ikubwera, ndipo tikuona anthu enieni amene anapulumuka, atakalamba, akuika miyala pa manda a Oskar Schindler, amene anawapulumutsa, ku Yerusalemu. Ifenso timachita zimenezi osadziwa. Pa khoma la pabalaza pali agogo m'chithunzi chakuda ndi choyera, pambali pawo mdzukulu wa gauni m'chithunzi cha kala, ndipo mlendo amaona mphuno imodzi yomweyo ikudutsa mibadwo itatu. Pa kapepala ka dongosolo la maliro, kutsogolo kuli malemu ali wokalamba mu kala, mkati ali mnyamata wa pa sukulu ya mishoni mopanda kala. Wojambula ukwati wanzeru angachite zomwezo mu alubamu: kuvina, kusupa ndi zitenje za mbumba azisiye mu kala yonse, koma pamene mayi akunong'oneza mwana wawo mawu otsiriza asanatuluke m'nyumba, achotse kala yonse kuti patsale nkhope ziwirizo.

Tsopano kwabwera kusakaniza kwina, kochokera mbali inayo. Pali mapulogalamu amene mumawapatsa chithunzi chakale chakuda ndi choyera, iwo n'kuchibweza chili ndi kala m'kanthawi kochepa. Peter Jackson anachita zotere pa mafilimu a nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu They Shall Not Grow Old ya mu 2018, koma iye anali ndi gulu la anthu ofufuza mtundu weniweni wa yunifolomu ndi malo. Pulogalamu ya pa foni ilibe wofufuza. Imangoyerekeza potengera zithunzi zina zambirimbiri zimene inaonapo, ndipo ikakayika imasankha mtundu wapakati. Ganizani za zithunzi za John Chilembwe, zimene zina mwa izo anajambula Mungo Murray Chisuse, mmodzi mwa Amalawi oyambirira kugwira kamera, amenenso ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre. Galasi la Chisuse linasunga kaimidwe ka Chilembwe, suti yake, chipewa chake ndi nkhope za a m'banja lake, koma silinasunge mtundu wa diresi la mkazi wake, Ida Chilembwe. Pulogalamu ikalipaka buluu, anthu n'kugawana pa Facebook, patapita zaka zingapo ana adzakhulupirira kuti linalidi la buluu.

Wina angandifunse kuti nanga suti ya agogo anga ija, si bodza lomwelo? Ndalingalirapo, ndipo ndikuona kusiyana. Agogo ndiwo anasankha. Anapereka kachithunzi kawo, ananena chimene akufuna, analipira ndi ndalama ya thukuta la mu mgodi, ndipo aliyense woona chithunzicho amadziwa kuti papita dzanja la wopaka utoto, chifukwa utoto sunkabisala. Chinali chithunzi cha mmene munthu ankafunira kukumbukiridwa. Kala ya pulogalamu imadzionetsa ngati yochokera mu kamera, ndipo mwini nkhope sanafunsidwe. Sindikuti musayese konse. Ndaonapo munthu wamkulu akugwetsa misozi ataona mayi ake omwalira kalekale ali ndi khungu lamoyo kachiwiri, ndipo misozi imeneyo ndi yoona. Koma chopakidwacho chikhale pambali pa choyambirira, chisalowe m'malo mwake.

Amene akufunadi kuti mtundu umodzi ulamulire chithunzi, njira yabwino ndi kuukonza asanadine batani. Chithunzi cha Steve McCurry cha mtsikana wa ku Afghanistan, chimene anajambula mu 1984 mumsasa wa othawa nkhondo ku Pakistan n'kutuluka pachikuto cha National Geographic mu June 1985, chili ndi mitundu iwiri yokha yaikulu: mpango wofiira ndi kubiriwira kwa kumbuyo. Kubiriwirako kukufanana ndi maso a mtsikanayo, ndipo mpango ukuzinga nkhope, moti kala yonse ikukankhira diso lanu ku maso ake. Palibe chimene chinatuwitsidwa.

Ndipo kwathu kuno moyo umatikonzera kale chithunzi chotere sabata iliyonse. Imikani mayi wa Mvano kutsogolo kwa khoma la tchalitchi lopaka laimu. Duku loyera, bulauzi yoyera, siketi yakuda, Baibulo lakuda m'manja. Jambulani mu kala yonse, osasintha kanthu. Mudzapeza kuti chithunzicho ndi chakuda ndi choyera paliponse kupatula malo atatu: nkhope ndi manja awiri. Mtundu wokhawo m'chithunzi chonse ndi wa khungu lake, ndipo diso silipita kwina. Ndi maluwa ofiira aja atatembenuzidwa, kala ili pa mwini wake. Chithunzi cha mayi anga chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi chotere, ndipo amene anachijambula sanaphunzire za luso kulikonse. Anangowaimika pamthunzi wa khonde, pamene kuwala kunali kofewa, n'kudikira kuti asiye kukonza duku.

Sindikunena kuti palibe tsiku limene kala ya pa chinthu chimodzi ingakhale yoyenera. Ngati chinthucho ndicho nkhani yonse, monga mendulo ya msilikali wakale wa KAR pachifuwa pake, mwina wojambula angayese, ngakhale pamenepo ine ndingakonde kuona nkhope ya mwini mendulo ili ndi magazi. Koma kawirikawiri maluwa si nkhani, tayi si nkhani, ndipo zaka makumi awiri zikubwerazi mwana wobadwa m'banjalo sadzafunsa kuti maluwa anali a mtundu wanji. Adzafuna kuona ngati anatengera khungu la mayi kapena la bambo.

Choncho ndikupempha ojambula athu, a m'masitudiyo a m'tauni ndi a pa foni omwe: kasitomala akapempha chithunzi cha maluwa ofiira, mupangireni, ndi ndalama yake, koma mumupatsenso choyambirira cha kala yonse, ndipo musachifufute mu kompyuta pofuna malo. Nanu ojambulitsa, musachoke pa situdiyo musanachilandire. Chithunzi cha kala mungathe kuchisandutsa chakuda ndi choyera tsiku lililonse limene mwafuna, koma khungu limene latuwitsidwa n'kusungidwa choncho palibe pulogalamu imene ingalibwezere mtundu wake weniweni.